Kherere Pakamwa, Mwana Pabere

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Mbuzi ndinaweta, madzi ndinatunga, nsapato ndinazivala nditakula kale, monga wina aliyense wa msinkhu wanga. Ndiyambira pomwe ndinagwira choko koyamba. Iwe Tawonga utchere khutu kwambiri, chifukwa m'nkhani ino unalimo, ngakhale ntchito yako inali kulira ndi kuyamwa basi.

Chaka changa choyamba pantchito, kuseri kwa Santhe

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa Santhe. Ndinatsika matola pamsika, sutikesi pamutu, n'kuyenda wapansi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kalasi langa linali chigafa chakale cha fodya chomwe mwini munda anachisiya, ndipo mvula ya mphepo ikabwera tonse tinkaunjikana pakati ngati anapiye. Popeza ndinali wamng'ono pa aphunzitsi onse, ntchito iliyonse yokanidwa ndi akuluakulu inkagwera ine, zamasewero zomwe. Mpira unali wachikulunga, womanga ndi mapepala ndi zingwe. Kherere, wezulo uja, sukulu inalibe. Poyeserera tinkamenya khasu lakutha ndi msomali.

Mavuto ankabwera tikamasewera mpira wa miyendo ndi sukulu zoyandikana nazo. Woyimbira ankakhala mphunzitsi wamwamuna wa sukulu yomwe yalandira alendo, ndipo ankayimbira ataima pakati pa bwalo, dzanja lina lili m'thumba. Mpira ukalowa m'golo iye ali kutali, ena akuti chigoli, ena akuti ayi, basi ndewu yabuka, makolo omwe kulowerera. Tsiku lina amene anayenera kuyimbira anafika atalawa kale, miyendo ikukana. Zinandikwiyitsa zedi. Ndinawalanda kherere yemwe tinabwereka tsikulo, ndinamanga chitenje m'chiuno zolimba, n'kuyamba kuthamangira kulikonse komwe mpira unkapita. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, koma tsiku limenelo ndewu kunalibe, chifukwa chilichonse ndinkachiona ndili pafupi. Kuyambira pamenepo masewero a sukulu yathu ndinkayimbira ndine, popanda pepala lililonse londivomereza.

Zaka za ku Chulu, ukwati ndi kubadwa kwa Tawonga

Patapita zaka zingapo anandisamutsira ku dera la Chulu. Aphunzitsi aakulu kumeneko anali a Mwale, bambo wamfupi, wolankhula mofulumira, wokonda mpira kuposa ndiwo. Kumeneko n'komwe ndinakumana ndi bambo anu, mlimi wa fodya wofatsa ngati madzi a m'mtsuko. Kwawo n'kumpoto kwa boma lino, kumalire komwe anthu amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka. Kumeneko amalowola. Ng'ombe zinapita kwathu, amalume anga n'kuzilandira akumwetulira, ine osaganizira n'komwe tanthauzo lake. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, koma kwa bambo anu mwana ndi wa kuchimuna, ndipo zimenezi ndinadzazimvetsa bwino pambuyo pake.

Tawonga unabadwa mvula yoyamba itangogwa. Agogo ako a NyaZimba, apongozi anga, anabwera kudzandithandiza, ndipo ndinene mosabisa kuti anandisamala. Matewera ankachapa okha, madzi osamba ankandiphitsira, chinangwa chachiwisi ndi mtedza sizinkasowa m'mbale yanga, ati kuti mkaka uchuluke. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, woti akanena kuti yayi, ndiye kuti nkhani yatha. Anabereka ana ambiri, ena n'kuwaika m'manda ali makanda, choncho mantha awo pa mwana sanali ongopeka.

Nyengo yothyola fodya, chaka chomwecho

Nditabwerera kuntchito tchuthi cha uchembere chitatha, a Mwale anandiitana mu ofesi. Anati kuboma kubwera akuluakulu odzaphunzitsa ndi kuyesa oyimbira mpira, ndipo dera lathu lapatsidwa malo amodzi. Mayeso ake sanali a pepala okha, panalinso othamanga mozungulira bwalo nthawi ikuwerengedwa.

"Ine ndapereka dzina lanu, madamu," anatero. "Anzanga andiseka, akuti ndatumiza mchembere. Koma anthu amenewa sabwerabwera kuno. Likaomba otheratu."

"Ahedi, mwana ali ndi miyezi itatu yokha," ndinayankha.

"Ndiye ndifufute?"

Ndinati asafufute.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanatenthe, ndinavala kabudula wa bambo anu m'kati mwa siketi, n'kulowa kanjira ka pakati pa minda ya fodya. Mayo ine! Thupi silinali langa. Mimba inkagwedezeka payokha, mabere odzaza ankandimenya pachifuwa, ndipo ndisanafike patali bulauzi yonse inali itanyowa ndi mkaka. Amayi omwe ankasoka fodya pa chigafa anaimirira onse, wina n'kufuula kuti, "Aphunzitsi, akukuthamangitsani ndani? Tiitane amuna?" Ndinangokweza dzanja, mpweya woyankhira ndinalibe.

Pofika pakhomo ndinakupeza ukulira kumsana kwa agogo ako. Ndinatambasula manja kuti ndikulandire, koma iwo anabwerera m'mbuyo.

"Yayi, mkamwana! Mukufuna kumupha? Mkaka umenewo watentha. Munthu wothamanga mkaka wake umawira, umasasa, mwana akayamwa amatsegula m'mimba."

Anandiikira lamulo pompo. Ndikachoka kothamanga ndizikhala pamthunzi mpaka thukuta liume, ndizitsuka mabere ndi madzi ozizira a mumtsuko, kenako ndizifinyira pansi mkaka woyamba, mbali zonse ziwiri. Ndikatero m'pomwe mwana ayamwe. Nanga ine ndikanatsutsa chiyani? Ndinali mayi wa mwana mmodzi, iwo analera mudzi. Ndiye tsiku ndi tsiku ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, kuthira mkaka wanga m'fumbi nkhuku zikuonerera, iwe ukulira mpaka mawu kusasa. Kuti utonthole pamene ukudikira, agogo ako anayamba kukumwetsa kaphala kamadzimadzi komwe kwawo amakatcha dawale. Sankabisa ayi, ankakumwetsa ine ndikuona. Ukamabwera kubere unkakhala utakhuta madzi, n'kungoyamwa pang'ono, tulo.

Sipanapite nthawi yaitali, unayamba kutsegula m'mimba. Masaya aja anaphwa, maso analowa m'kati. Mudzi wonse unadziwa chifukwa chake usanandifunse n'komwe. Kuchitsime ndikafika nkhani zinkaduka. Madzulo ena agogo ako anakhala pamkeka, anaitana bambo anu, n'kulankhula poyera.

"Mkamwana, sankhani. Musiye kuthamanga, kapena mwana achoke kubere ndipite naye kwathu ndikamulere ndekha ndi phala. Ng'ombe zinapita kwanu. Mwana uyu ngwathu."

Ndinayang'ana bambo anu kuti anenepo kanthu. Iwo anayang'ana pansi, n'kungoti, "Amake mwana, mapanga awiri avumbwitsa." Ha! Ndinapsa mtima moti ndikanalankhula nthawi imeneyo, ukwati ukanathera pamkeka pomwepo. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Nanenso ndinali nditayamba kukhulupirira kuti mwina ndine ndikukudwalitsa.

Sabata yomweyo, kuchipatala

Kutacha ndinakubereka, ulendo wa kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Namwino wake anali mayi wachikulire, wonenepa, wokalipa, yemwe amayi onse ankamuopa. Atakupima n'kukupatsa madzi a mchere ndi shuga aja, anandifunsa zomwe umadya. Ndinafotokoza zonse, za kuthamanga, za mtengo wa mango, za dawale. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Inu aphunzitsi, bere ndi ketulo kodi? Amayi amalima tsiku lonse padzuwa, amasinja, amasenza nkhuni kuchoka kuphiri, akafika n'kuyamwitsa. Mkaka wa olima suwira, uwire wa othamanga okha? Chomwe chikumutsegula m'mimba mwanayu ndi madzi a phala lomwe mukumumwetsa msinkhu usanakwane, uku chakudya chake chenicheni mukudyetsa nyerere."

Anandilangiza zambiri, mokalipa momwemo. Ndiziyamwitsa ndisananyamuke kuti mabere apepuke ndipo mwana atsale wokhuta. Ndizimanga chifuwa ndi nsalu yogwira bwino, koma ndizimasula ndikangobwerako. Ndizimwa madzi ambiri, ndizidya mokwanira. Ndisadzikakamize, ndiyambe ndi kuyenda ndawala, kuthamanga kuzibwera pang'onopang'ono, ndipo ndikaona magazi kapena kumva kupweteka m'chinena ndisiye n'kubwerera kwa iye. Thukuta ndizingopukuta chifukwa ana ena sakonda mchere wake, koma mkaka ndisatayenso ngakhale dontho. Phala lidikire mpaka utakwana miyezi isanu ndi umodzi.

Kumva ndinamva, koma yemwe ndinkakhala naye m'nyumba sanali namwinoyo. Njira yonse yobwerera ndinkalimbana ndi mtima. Kusiya kuthamanga kunali kosavuta: mawa lomwelo mtendere ukanabwerera, anthu akanati mkamwana wamva. Koma dawale sakanasiya, chifukwa aliyense akanati wachira poti mayi ake aleka misala ija. Ndipo tsiku lina ndikadzachedwa kusukulu dzuwa lili pamutu, akanandikhazikanso pansi pa mango. Ndinaona kuti ndikagonja, bere lako likhala lolamulidwa ndi ena mpaka udzaleke kuyamwa.

Nditafika ndinagwada pamaso pa agogo ako monga mwa ulemu wake. Kenako ndinalankhula.

"Amayi, ndipatseni mwezi umodzi, kuchoka sikelo ino kufika sikelo ya mwezi wamawa. Mwana asalawe kanthu kena koma bere, ndipo ndiziyamwitsa nthawi iliyonse, ndathamanga kapena sindinathamange. Akapanda kukwera pasikelo, kherere ndimusiya moyo wanga wonse, ndipo mwana mudzachite naye monga mwanenera."

Bambo anu anatsegula pakamwa, ine ndinawayang'ana, anatsekanso. Kenako agogo ako anati, "Mwanena nokha. Ine ndidzakhalapo pasikelopo."

Mwezi wa pangano

Sindinaonepo mwezi wautali ngati umenewo. Telala wa pamsika anandisokera chomangira chifuwa kuchokera ku chitenje chakale, nsapato ndinapeza pa kaunjika, ina yaikulu pang'ono kuposa inzake. M'mawa uliwonse ndinkakuyamwitsa mpaka usiye wekha, kenako ulendo m'minda muja. Pobwera ndinkangopukuta ndi kansalu n'kukuika kubere, agogo ako ataima chapatali, manja kumbuyo, nkhope ngati ya munthu woonerera nyumba ikupsa. Thewera lililonse ankalifunyulula n'kuliyang'anitsitsa padzuwa. Ukangoyetsemula, maso awo pa ine. Koma pangano analisunga, sanakumwetse kanthu ngakhale ine ndili m'kalasi. Ukalira ankakubweretsa pawindo, ine n'kupatsa ana ntchito yolemba, n'kutuluka.

Kutsegula m'mimba kunasiya sabata yoyamba. Nalonso thupi langa linayamba kubwerera mwakale, mpweya unatalika, miyendo inakumbuka ntchito yake. Amayi a pa chigafa anasiya kufunsa wondithamangitsa, anayamba kundiwerengera maulendo mondinyoza, kenako mondichemerera.

Tsiku la sikelo agogo ako anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Sikelo inali yopachika pa nthambi ya mtengo, ndipo anakulowetsa m'kathumba kolendewera kunsi kwake. Muvi unayenda, unapitirira pomwe unaima mwezi wathawo, n'kupitirirabe. Namwino uja anakuwa kuti amayi onse amve, "Uyu ndiye mwana wa bere!" Ndinalira pagulu, osachita manyazi. Ndinkayembekeza kuti apongozi anga anena kuti mkamwana mwapambana. Aaa, simukuwadziwa a NyaZimba. Tili m'njira anati, "Mwana wakwera, ndaona. Koma mumathamanga m'mawa kukuzizira. Tsiku lomwe mudzathamange dzuwa lili paliwombo, ameneyu sadzayamwa ine ndikuona. Mukadzakakamira, mawu anga aja akadalipo."

Nyengo yomanga mabelo a fodya

Mayeso a kuboma anachitika m'mawa, choncho mkangano sunabuke. Mkazi ndinalipo ndekha. Amuna ena ananyamuka ngati akuthawa njuchi, pofika pakati anali atagwira m'nthiti. Ine ndinayenda ndi liwiro langa lomwe ndinazolowera m'minda ya fodya, ndipo ndinamaliza nthawi isanathe, ena angapo ali kumbuyo kwanga. A Mwale anaponya chipewa m'mwamba n'kuiwala kuchitola. Ndinabwerako ndi yunifolomu yakuda ndi kherere wangawanga.

Masewero anga oyamba ngati woyimbira wovomerezeka anali a ndime yomaliza ya sukulu za m'dera lathu, pa bwalo la pamsika, masana dzuwa likuswa mtengo. Fodya anali atayamba kugulitsidwa, anthu anali ndi kangachepe m'thumba, ndiye kunadzaza, oledzera omwe. Agogo ako anabwera atakubereka, m'manja muli chigubu cha madzi ozizira, kabeseni ndi kapu ya phala, pakuti tsopano unali utayamba kulawa phala. Anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mzere wa bwalo. Sanandiuze kanthu, koma kabeseni kaja kanandiuza zonse.

Chigawo choyamba chinali chamoto. Chakumapeto kwake mnyamata wa timu ya pamsikapo anatchera mnzake mwendo pafupi ndi golo, ine ndili pomwepo, ndipo ndinaloza penate. Bwalo linaphulika. Chigoli chitalowa, gulu la amuna omwe anaima kumbuyo kwa mtengo uja linayamba kuimba mokuwa, "Pita ukayamwitse! Pita ukayamwitse!" Wina anawonjeza mawu onena za mabere anga omwe sindingawalembe m'buku la ana anga. Pakati pa phokoso lonselo ndinkamva kulira kwako. Phala unali utalikana, ndipo yunifolomu yanga inali itanyowa pachifuwa, osati ndi thukuta lokha.

Nditaimba kherere wopumulira ndinalunjika kumtengo kuja. Nthawi yopuma ndi yochepa, yokhala pamthunzi kudikira thukuta liume panalibe. Ndinali nditatsimikiza kuti ndikuyamwitsa pomwepo, zivute zitani, ndipo ndinkadziwa kuti akakana, mawa lake akwera nawe basi ya kumpoto. Ndinagwada m'fumbi, thukuta likuchucha m'chibwano, n'kutambasula manja.

Agogo ako anayang'ana kabeseni. Anayang'ana ine. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana amuna aja, omwe anali akuimbabe nyimbo yawo. Anamasula mbereko mwakamodzi, n'kukuika m'manja mwanga.

"Mwawamva anthu anu, mkamwana. Yamwitsani."

Unagwira bere ngati munthu wobwera ku ulendo. Madzi a m'chigubu aja anawathira m'kapu n'kundimwetsa okha, chifukwa manja anga onse anali pa iwe. Atatero anaimirira, msinkhu wonse uja, n'kuloza gulu lija ndi chala.

"Imwe! Pali mmodzi pano amene anakula osayamwa? Atuluke ndimuone! Mkamwana wanga wathamanga bwalo lonse ili inu mutagwira mabotolo, ndipo mwana wake ndi uyu, onani masaya. Wa ndani pano wonenepa chonchi?"

Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe anayamba nthungululu, bwalo lonse linagwa m'phwete, amuna aja n'kumabisalana kumbuyo. Koma abale, chimwemwe chomwe ndinamva pamenepo sindinachimvepo ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Nthawi yopuma inatha. Osewera anabwerera m'bwalo n'kuima m'malo awo, mpira uli pakati. A Mwale anabwera chothamanga akuloza wotchi yawo, "Madamu, nthawi!" Ndinafuna kukuchotsa, koma agogo ako anandigwira paphewa.

"Mwana sanamalize. Mwini kherere ndi uyu, apita kuti? Adikire."

Ndipo anadikira. Matimu onse awiri, aphunzitsi, mafumu pa mipando yawo, oledzera, ogulitsa nzimbe, onse anaima padzuwa kudikira kuti Tawonga akhute. Unayamwa mosafulumira, kamwendo kakugwedera, mpaka unasiya wekha n'kugeya mokweza moti omwe anali pafupi anaombera m'manja. Agogo ako anakulandira, anakuponya kumsana, n'kumanga mbereko.

"Nyamukani, mkamwana," anatero. "Kawathamangitseni. Mukamaliza mutipeza pompano, adzafunanso."

Ndinamanga chifuwa, ndinalowa m'bwalo chothamanga, n'kuimba kherere mwamphamvu moti anamumva kumsika. Za kukutenga kupita nawe kumpoto sizinatchulidwenso m'nyumba mwanga, ndipo unayamwa mpaka unayamba kuthamangira wekha kumzere kudzandikoka kabudula.